Mafunso a Chichewa: kodi glaucoma ndi "kuthamanga kwa magazi m'maso"?

Funso: Ndine namwino ndipo ndikumasulira kapepala kophunzitsa odwala za glaucoma. Mnzanga akuti tilembe "kuthamanga kwa magazi m'maso" popeza anthu anawazolowera mawuwa pa nkhani ya BP. Kodi n'zolondola?

Yankho: Ayi mayi, musatero. Chimene adokotala amayeza pa glaucoma si magazi. Kutsogolo kwa diso kuli timadzi toyera, tosiyana ndi misozi, timene diso limapanga nthawi zonse n'kumatitaya kudzera m'tinjira ting'onoting'ono. Tinjirato tikayamba kutsekeka, timadzito timachuluka n'kumapanikiza mtsempha wotumiza zimene taona ku ubongo. Kwa anthu ambiri amene maso awo ali bwino, muyezo wa kupanikizaku umakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg (muyezo womwe uja wa BP). Choncho lembani "kupanikizika kwa m'diso", ndipo pamalo poyamba fotokozani kuti chopanikizacho ndi madzi.

Pali chifukwa china chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. "Kuthamanga kwa magazi" kunakhazikika kale ngati dzina la BP yokwera. Agogo akamva mawuwa amangoganiza zochepetsa mchere m'ndiwo. Komatu ofufuza amayang'ananso magazi amene amafika ku retina, kachikopa kakumbuyo kwa diso kolandira kuwala, chifukwa alipo odwala omwe muyezo wa m'diso uli bwinobwino koma mtsempha ukuwonongekabe. Chimodzi mwa zomwe amakayikira n'chakuti magazi safika okwanira, makamaka usiku BP ikatsika kwambiri. Apa vuto ndi kuperewera kwa magazi. Inu mukalembapo "kuthamanga", wodwala amva zotembenuza. Mawu oyenera pamenepa ndi "kayendedwe ka magazi", omwe sanena ngati magaziwo achuluka kapena achepa, ndipo mumawonjezera nokha: "kayendedwe ka magazi kachepa".

Funso: Pa wailesi ndinamva mtolankhani akuti glaucoma ndiye ng'ala. Nanga bwanji osangogwiritsa ntchito mawu athuwa?

Yankho: Ndikumvetsa chidwi chanu bambo, inenso sindikonda kubwereka pomwe tili ndi chathu. Koma ng'ala ili kale ndi mwini wake. Ndi kuyera kuja kumene timakuona pakati pa diso la munthu wokalamba, ndipo akamuchita opaleshoni, monga amachitira ku Nkhoma kapena ku Lions ku Blantyre, amayambiranso kuona. Glaucoma nthawi zambiri siioneka kunja, siipweteka, imayambira m'mbali mwa pomwe munthu amaona, ndipo zomwe yawononga sizibwerera. Mankhwala odonthezera m'maso amangoteteza zomwe zatsala. Munthu mukamuuza kuti ali ndi ng'ala, adzadikira kuti "ikhwime" kaye, chonsecho iye amafunika kuyamba mankhwala lero. Dzina la glaucoma lisiyeni momwe lilili, mutsatize ndi "matenda owononga mtsempha wa diso".

Ndipo polemba musaiwale kachizindikiro (') kamene kali m'mawu oti ng'ala: ng'ala imatchulidwa ngati ng'ombe ndi ng'oma, osati ngati ngolo.