Mafunso a Owerenga: Fayilo Isanapite Kosindikiza Banner, Positala ndi Sitika

Makalata a mwezi uno achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo dandaulo lake ndi limodzi: ntchito yooneka bwino pakompyuta ikutuluka m'makina ili yokhumudwitsa. Oyankha ndi anthu amene amakonza mafayilo komanso kuyendetsa makina akuluakulu osindikizira ndi inki.

FUNSO: Akonzi, kopaletivi yathu inasindikiza banner ya mamita 3 m'litali ndi mita 1 m'lifupi yokakoleka pachionetsero cha zaulimi. Chithunzi cha amayi atasenza madengu a kachewere chimaoneka bwino pafoni, koma pa banner nkhope zawo zinangokhala timabokosi tokhatokha. Chithunzicho tinatumiza pa WhatsApp. Wosindikiza akuti vuto ndi lathu. Kodi sakungozemba mlandu? (Mlembi wa kopaletivi, Bembeke)

YANKHO: Bambo mlembi, wosindikizayo wanena zoona, ngakhale kuti analakwa posakuchenjezani asanayatse makina. Chithunzi chilichonse chojambulidwa ndi foni chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndipo chiwerengero chake sichikula. Mukachitambasula simuwonjezera timadonthoto, mumangotifufumitsa mpaka diso liyamba kutiona kamodzikamodzi. Zili ngati kuthira madzi mu ndiwo kuti zikwanire alendo: poto adzaza, koma nyama ndi yomwe ija.

Tiwerengere limodzi. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa njira yawamba chimachepetsedwa kufika pa mapikiselo pafupifupi 1,600 mbali yake yaitali. Mamita 3 ndi mainchi 118. Mukagawa 1,600 ndi 118 mupeza mapikiselo 13 kapena 14 pa inchi iliyonse. Banner imene anthu aziiyang'ana ataima mamita awiri kapena atatu imafuna mapikiselo 72 mpaka 100 pa inchi, kutanthauza 8,500 mpaka 11,800 m'litali mwake. Inu munali ndi 1,600 basi.

Muyezo umenewu umadalira pamene woonayo waima. Chogwira m'manja, monga kapepala kolengezera malonda kapena kalendala, chimafuna 300 pa inchi, choncho pepala la A4 likhale mapikiselo 2,480 ndi 3,508. Positala ya pakhoma imakwanira ndi 150. Chikwangwani chachikulu cha m'mbali mwa msewu wa M1 chimaoneka bwinobwino ngakhale ndi 25 kapena 30, chifukwa palibe amene amachiyandikira.

Tsono chitani izi. Pitani kwa mwini foni imene inajambula chithunzicho, mukatenge chenichenicho, osati cha pa Facebook kapena chojambula pasikirini. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document m'malo mwa Gallery, kapena chiikeni pa fulashi, pa imelo kapena pa Google Drive. Foni ya mamegapikiselo 12 imatulutsa mapikiselo 4,000 ndi 3,000. Amenewa sangadzaze mamita 3, koma mukachipatsa chithunzicho malo a mita 1 m'litali ndi masentimita 75 msinkhu, chifika pa 100 pa inchi ndipo nkhope za amayiwo zioneka mpaka makwinya a duku. Malo otsalawo ikani dzina la kopaletivi ndi mtundu wosalala wakumbuyo, zimene sizifuna mapikiselo.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi kutsegula Photoshop n'kusintha 72 kukhala 300 pomwe kabokosi ka Resample kali kochonga. Nambala isinthadi, fayilo ilemera, koma kompyuta yangopeka mapikiselo ongoyerekeza, ndipo chithunzi chikhala chosungunuka m'malo mwa timabokosi. Wachiwiri ndi kukhulupirira kuti popeza makina amasindikiza pa 720 kapena 1,440 dpi ndiye akonza zonse. Manambala amenewo ndi a timadontho ta inki timene makina amalavula, ndipo pamafunika tambirimbiri kuti tipange mtundu wa pikiselo imodzi. Chimene mulibe m'fayilo makina sangachilenge.

Musanalipire, dulani kachigawo ka nkhope pa kukula kwake kwenikweni, sindikizani pa pepala wamba la A4, limateni pakhoma, bwererani m'mbuyo mamita awiri kapena atatu. Zimene muone pamenepo ndi zimene zidzaoneke pachionetsero. Ogwiritsa ntchito CorelDRAW angodina pachithunzi n'kuwerenga kamzere ka m'munsi mwa sikirini, kamaonetsa dpi, kapena kuti mapikiselo pa inchi, imene yatsala chithunzicho chitatambasulidwa.

FUNSO: Buluu wa yunifolomu ya sukulu yathu anatuluka wa pepo pa positala, ndipo kumbuyo kwakuda kunaoneka kotuwa ngati kwachapidwa kambirimbiri. Talakwitsa pati? (Mphunzitsi, Lizulu)

YANKHO: Aphunzitsi, sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kwa mitundu itatu, kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, kumene timati RGB. Makina amapanga mitundu ndi inki, kawirikawiri zinayi: cyan, magenta, yachikasu ndi yakuda, zimene timati CMYK. Mitundu ina yowala kwambiri pasikirini ilibe inki yofanana nayo, ndipo buluu ndiye amavutitsa koposa. Buluu wa R0 G0 B255 akasandutsidwa inki amatenga cyan ndi magenta pafupifupi mofanana, ndipo ziwirizi zikafanana zimabereka pepo. Siyanitsani ndi mapointi osachepera 30: cyan 100, magenta 70 kapena kutsika.

Njira yotsimikizika kuposa kuyerekeza ndi iyi. Jambulani timabokosi ta masentimita 5, lembani manambala pansi pa kalikonse, monga C100 M50, C100 M60, C100 M70, ndipo pemphani wosindikiza atitulutse pa chinthu chomwecho chimene positala idzasindikizidwepo. Tengani kansalu ka yunifolomu, tulukani panja pamthunzi, yerekezani. Musayerekezere pansi pa babu la m'shopu, limanamiza maso. Kabokosi kamene kafanana ndi nsaluyo, lembani manambala ake m'kope la sukulu kuti chaka chamawa musadzayambirenso.

Za kuda: inki yakuda yokha, K100, ikayala malo aakulu imaoneka yotuwa. Ithandizeni ndi zinzake, C60 M40 Y40 K100, zimene pamodzi ndi 240. Koma musachite kudzaza zonse zinayi pa 100. Inki yochuluka chotero imachedwa kuuma, imayenderera m'mbali mwa zilembo, ndipo pokulunga imadinda kuseri kwa chinsalu. Zilembo zing'onozing'ono zisiyeni pa K100 yokha kuti zikhale zakuthwa.

Pa zithunzi za anthu ndi malo, malangizo akale akuti chilichonse chisandutsidwe CMYK sagwira nthawi zonse. Makina ena a inki ali ndi mitundu 6 kapena 8, ndipo pulogalamu yawo yotchedwa RIP imadziwa bwino kusandutsa mitundu molingana ndi inki ndi chinsalu chimene chilipo. Mukasandutsa nokha mumataya mitundu imene makinawo akanatha kutulutsa. Choncho funsani kaye. Akati RGB, siyani chithunzi mu sRGB, mtundu wamba wa RGB, ndipo posunga chongani kuti profile, kachizindikiro kouza makina mmene awerengere mitundu, ilowe m'fayilo. Akati CMYK, afunseni kuti profile iti, monga FOGRA39. Chithunzi cha Adobe RGB chopanda profile yake chimatuluka chozimiririka, chifukwa makina amachiwerenga ngati sRGB. Komanso tsitsani kuwala kwa sikirini yanu pokonza. Yowala mopitirira imakunamizani kuti nkhope zikuoneka, pomwe papepala zidzakhala zamdima.

FUNSO: Ndimakonza ntchito pa CorelDRAW n'kutumiza ku Lilongwe. Nthawi zina amati fayilo sikutseguka, nthawi zina zilembo zimasintha, ndipo tsiku lina pa mawu akuti Malaŵi panatuluka kabokosi. (Wokonza zikwangwani, Dedza boma)

YANKHO: Achimwene, fayilo ya CorelDRAW, yotchedwa CDR, simanyamula mafonti anu, kapena kuti masitayilo a zilembo, mwa njira yodalirika. Kompyuta ya wosindikiza ikasowa font imene munagwiritsa ntchito imaikapo ina, mizere imasuntha, ndipo ngati font yolowa m'maloyo ilibe chilembo cha ŵ, chimene mafonti ambiri okongoletsera alibedi, pamatuluka kabokosi kaja. Mankhwala ake ndi kusandutsa zilembo zonse kukhala zojambula. Sankhani mawu onse, dinani Ctrl ndi Q. Mu Illustrator ndi Shift, Ctrl ndi O. Mukatero mawu sasinthikanso, ndiye sungani mafayilo awiri: yanu yokhoza kukonzedwa, ndi yotumiza.

Musanadine Ctrl ndi Q, mwini ntchito awerenge mawu onse mokweza n'kusaina papepala. Yang'anitsitsani tizizindikiro ta mu ng'ombe, m'mudzi ndi n'kofunika, timene timakonda kugwa kapena kutembenuka, ndipo nambala ya foni muiimbe ndithu kuti mumve ngati ikulira kwa mwini wake.

Kusatseguka kumabwera chifukwa CorelDRAW yakale siwerenga fayilo yosungidwa ndi yatsopano. Posunga mukhoza kusankha version yotsika, koma chabwino koposa ndi kutumiza PDF. Mtundu wa PDF/X-4 umasunga mithunzi ndi zoonekera mkati monga zilili ndipo umalola RGB yokhala ndi profile. PDF/X-1a imasandutsa zonse CMYK n'kuphwatalitsa mithunzi, yabwino kwa amene RIP yawo ndi yakale. Mukaona kabokosi kozimiririka kuzungulira mthunzi wa zilembo pa ntchito yotuluka, dziwani kuti mwina mthunziwo ndi kumbuyo kwake zinali m'mitundu yosiyana, china RGB china CMYK. Zigwirizanitseni, kapena phatikizani mthunzi ndi kumbuyo kukhala chithunzi chimodzi, zilembo zokha zikhale pamwamba. Logo ya bungwe ifunseni mu PDF, AI, EPS kapena SVG; ya JPEG yokopera pa kalata ijambuleninso ndi manja, chifukwa PowerTRACE, chida cha CorelDRAW chojambulanso chithunzi pachokha, imapotoza zilembo zing'onozing'ono.

FUNSO: Masitika a mabotolo anga a uchi ena ali ndi kamzere koyera m'mbali, ena adulidwa mpaka pa nambala ya foni. (Mayi wogulitsa uchi, Golomoti)

YANKHO: Mayi, mpeni wodulira sugwa pamalo amodzi nthawi zonse, umasuntha milimita imodzi kapena iwiri. N'chifukwa chake mtundu wakumbuyo uyenera kupitirira malire a sitika ndi mamilimita 3 mbali zonse, chimene osindikiza amati bleed. Sitika ya mamilimita 100 ndi 60 ikonzedwe pa 106 ndi 66. Mawu ndi nambala zikhale mkati, mamilimita 3 mpaka 5 kuchokera pamalire. Pewaninso kamzere kopyapyala kozungulira sitika pafupi ndi malire, pakuti mpeni ukangosuntha pang'ono aliyense aona kuti yapendama. Ngati wokukonzerani amagwiritsa ntchito Canva, asankhe PDF Print n'kuchonga Crop marks and bleed.

Sitika yozungulira kapena ya maonekedwe ena imafuna mzere wodulira pawokha, wojambulidwa osati chithunzi. Makina a Roland amauzindikira ukakhala mtundu wapadera, spot colour, yotchedwa CutContour, yolembedwa ndendende choncho. Ena ali ndi dzina lawo, funsani. Botolo la uchi limagwidwa ndi manja onata n'kupukutidwa ndi kansalu konyowa, choncho sitika ikutidwe ndi kapulasitiki koonekera kotchedwa laminate. Koma inki ya eco-solvent imafuna maola 24 kuti mpweya wake uchoke isanakutidwe. Wofulumira amapeza timatuza ndi m'mbali motukuka, ndiye perekani oda masiku awiri lisanafike tsiku la msika.

Lamulo lomweli likhudza a ma banner: mawu atalikire masentimita 5 kuchokera m'mphepete, chifukwa m'menemo mumapindidwa n'kukhomedwa timphete tachitsulo, kawirikawiri pa masentimita 50 alionse. Pa roll-up, banner yoimika pansi imene imakulungikira m'chitsulo, ya masentimita 85 ndi 200, masentimita 10 mpaka 15 a m'munsi amalowa m'chitsulo chake. Musaikepo nambala ya foni.

FUNSO: Ndikufuna chikwangwani cha mamita 6 ndi 3 pafupi ndi mphambano ya Tsangano, koma kompyuta ikungouma ndikamakonza. (Mwini malo ogona alendo, Ntcheu)

YANKHO: Bambo, musakonze pa kukula kwenikweni. Chepetsani kakhumi: masentimita 60 ndi 30 pa 300 dpi. Wosindikiza akakulitsa kakhumi zitsala 30 pa inchi, zokwanira pamsewu. Izi zikupewetsaninso vuto lina, loti mapulogalamu ambiri salandira PDF yopitirira mainchi 200, amene ndi mamita 5.08. Dzina la fayilo linene zonse, mwachitsanzo chikwangwani_6mx3m_sikelo1pa10, kuti asakutulutsireni kakang'ono. Funsaninso m'lifupi mwa makina awo: a mamita 3.2 atulutsa chonse pamodzi, a mamita 1.6 alumikiza zidutswa ziwiri, ndipo polumikizirapo pasagwe nkhope ya munthu. Zilembo zikule masentimita 2.5 pa mamita 3 alionse a mtunda wa wowerenga, choncho woona ali pa mamita 30 afuna zilembo za masentimita 25. Woyendetsa galimoto ali ndi masekondi ochepa, mupatseni dzina, muvi ndi nambala imodzi.

FUNSO: Banner yathu ili ndi mizere yopingasa ngati ya m'kope. Kodi nayonso ndi fayilo? (Mkulu wa mpingo, Linthipe)

YANKHO: Akulu a mpingo, imeneyo kawirikawiri ndi ya makina. Mizere yopyapyala yotalikirana mofanana, yodutsa pa zilembo ndi pazithunzi pomwe, imasonyeza kuti timabowo tina ta mutu wolavula inki tatsekeka, kapena chinsalu sichikukokedwa mwa muyezo. Bwererani nayo, pemphani achite nozzle check, mayeso a timabowoto, inu mukuona. Pamene pali mipata m'timizere ta mayesowo ndiye potsekekapo. Ayeretse mutu n'kusindikizanso pa mapasi 6 kapena 8 m'malo mwa 4, kutanthauza maulendo amene mutuwo umadutsa pamalo amodzi.

Ya fayilo imasiyana: ndi mikwingwirima yotakata, yooneka pokhapokha pamene mtundu ukusintha pang'onopang'ono, monga kuchokera ku buluu wakuda kupita ku wowala, ndipo mukaikulitsa pasikirini imaonekanso. Imeneyo imatha mukafupikitsa mtunda wa kusinthako, kapena mukathira timadontho tomwazikana totchedwa Noise, 1 kapena 2 peresenti, mu Photoshop musanasunge fayilo.