Za ku Austria pa mbaula ya ku Blantyre

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa ku Blantyre. Amuna ake kwawo ndi ku Steiermark, m'dziko la Austria, ndipo akuti masiku ano sakusiya kukamba za mphika wa amayi awo. Mayiyu akufunsa kuti: "Tikufuna kuitana abale anga ndi anansi adzalawe zakwawo kwa bambo, koma zofunika zambiri kuno kulibe. Ndiyambire pati?"

Achemwali, funso lanu landikhudza, chifukwa nanenso ndinakwatiwa komweko ndipo ndinakhalako ku Graz, mzinda waukulu wa chigawochi. Langizo langa loyamba ndi lakuti Wiener Schnitzel, nyama yopyapyala yokutira nyenyeswa za buledi n'kukazinga, muyambe mwaisiya. N'zoona ndi imene imatchuka, koma yeniyeni imafuna nyama ya thole, mafuta ambiri oti izisambira m'chiwaya, ndiponso imakoma ikangotsika pamoto. Mukaitana anthu khumi, tsiku lonse muthera kukhitchini alendo akucheza okha.

Phikani Gulasch. Chakudyachi chinayambira kwa abusa a ng'ombe a ku Hungary, koma anthu a ku Vienna anachisandutsa chawo, ndipo zonse zofunika zilipo kwathu kuno. Gulani kilo imodzi ya nyama ya kumwendo kwa ng'ombe, ya mitsempha ija ena amainyoza, ndi anyezi wolemera pafupifupi chimodzimodzi. Musadabwe, kuchuluka kwake n'komweko. Apongozi anga ankaima pa poto theka la ola akutakasa anyezi yekhayekha, maso ali misozi, mpaka afiirire bwino osapserera. Kenako ankaphula potoyo, n'kuthira masipuni atatu a paprika (ufa wa tsabola wofiira) wosawawa, kutakasa kamphindi, n'kudonthezera viniga ndi madzi msangamsanga. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: paprika akapsa m'mafuta amawawa, ndipo mphika wonse watayika. Ikani nyama, mchere ndi adyo, muvundikire, ibwate pang'onopang'ono maola atatu pa makala ochepa. Fulawa safunika, anyezi amasungunuka yekha n'kulimbitsa msuzi. Muphike dzulo lake, chifukwa ikagona ndi pamene imakoma zenizeni.

Yodyera yake ikhale Semmelknödel, mipira ya buledi wogona. Dulani bulediyo tizidutswa, muthire mkaka wofunda, mazira, anyezi wokazinga ndi fulawa pang'ono, zikhale kanthawi kuti zifewe. Umbani ndi manja onyowa, muponye m'madzi amchere amene akungotuluka timathovu, osati ogaduka, kwa mphindi 15 kapena 20. Yambani mwayesa umodzi. Ukaphwanyika, onjezani fulawa. Abale anu sadzavutika nayo, pakuti ntchito yake ndi yomwe ija ya mbamu ya nsima, kukokera msuzi.

Chimene simungachipeze ndi Kernöl, mafuta obiriwira mwakuda a nthanga za maungu, amene anthu a ku Steiermark amawanyadira kwambiri. Nthanga zake n'zopanda khungu lolimba, ndiye musavutike kuyesa ndi zathuzi. Pemphani wachibale wobwera akutengereni botolo, ndipo musakazingire, n'ngothira pa saladi ya nyemba ndi anyezi. Topfen, tchizi chofewa cha m'makeke awo, ine ndimachipanga pothira chambiko m'kansalu koyera n'kukapachika usiku wonse kuti madzi akhe.

Tsono pali china chimene ndikupempha muchite. Afunseni bambowo za Sterz. Kwawoko alimi ankaphika ufa wa chimanga wokhakhala, n'kuuphwanya kuti ukhale mibulumibulu, pamwamba n'kuthira mafuta a nkhumba ndi tinyama take tokazinga, ena n'kumadyera khofi wamkaka m'mawa. Tsiku limene ndinatenga mgaiwa n'kuphika Sterz, amuna anga anakhala chete pa tebulo, kenako anayamba kusimba za agogo awo, nkhani zimene ndinali ndisanazimvepo. Mayi anga anali pomwepo. Anatapa pang'ono n'kulawa, n'kufunsa kuti kodi chimanga chakenso kumeneko amalima mwezi wanji.