Mwana wavulala pa kwadi yanga ine kulibe, kodi mlandu ndi wanga?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndimakhala ku Chirimba koma ndili ndi munda ku Lunzu komwe ndimasunga njinga yamoto ya matayala anayi ija amati kwadi. Loweruka mwana wa mlamu wanga wazaka 14 anaitenga nkukweza mnzake kumbuyo, pokhota inagubuduka, mnzakeyo anathyoka mkono moti anakamuika chikhakha ku Queens. Pano makolo ake akuti ndilipire ine. Komatu tsikulo kunalibe ine, makiyi anali panjinga pompo ngati masiku onse. Ndalakwa chani pamenepa? Wowerenga wa ku Chirimba.

YANKHO: Pepani kwambiri bambo, tithokoze kuti mwanayo ali moyo. Koma ndikuuzeni zoona, nkhani yonse yagona pa makiyi aja. Kusakhalapo kwanu sikukuchotsani mu mlandu, chifukwa ikafika kukhoti funso limakhala loti kodi mwini wake anasamala mokwanira, ndipo akanatha kudziwa kuti ana angaitenge? Nde ngati mnyamatayu munamulolapo kuyendetsa ngakhale kungozungulira pabwalo, ndiye kuti iye ankaona ngati ndi zololedwa basi, pamenepo kukana kuvuta.

Anthu ambiri amaona matayala anayi nkumati iyi singagwe, pomwe kwadi imagubuduka msanga kwambiri pokhota komanso pamalo otsetsereka, ndipo zazikuluzi zimalemera kupitirira makilogalamu 200, tangoganizani ikamugwera mwana pachifuwa. Tayang'anani zomata zomwe zili panjingapo, zambiri zimaletsa mwana wosakwana zaka 16 kuyendetsa, zimaletsanso kukweza munthu kumbuyo. Mpando wautali uja anthu amauyesa wa anthu awiri eti, koma anaupanga choncho kuti woyendetsa azisuntha thupi pokwera chitunda ndi potsika, mukaikapo wachiwiri njinga imapendekeka. Ngakhale pa tala si malo ake, matayala ake ndi a mudothi.

Simunanene ngati anagwera m'munda kapena pamsewu. Ngati anatulukira pamsewu wa anthu onse, monga M1 uja, apo malamulo a pamsewu alowapo, pamafunika laisensi ndi inshuwalansi ya third party (yolipira anthu ena omwe mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu), ndipo mwini wolola munthu wopanda laisensi kuyendetsa naye amayankha. Ngati muli ndi inshuwalansi werengani bwino pepala lanu, makampani ambiri salipira ngati woyendetsa analibe laisensi.

Langizo langa ndi loti musadikire samani. Tenganani ndi alamu anuwo, poti mwana woyendetsayo ndi wawo nawonso ali ndi gawo, mupite kwa makolo aja mukaone wodwala, mumve zomwe awononga pa thiransipoti ndi mankhwala, muthandizepo. Ine zimandiwawa ndikaona akuluakulu akukangana za ndalama mwana ali kubuula m'nyumba, yambani mwamufunsa kaye mmene wadzukira. Zomwe mwagwirizana zilembedwe pamaso pa mboni kapena amfumu. Akatchula chipukuta misozi chachikulu musasaine chilichonse musanaonane ndi loya, kapena pitani ku Legal Aid Bureau konkuno ku Blantyre akakulangizeni.

Kuyambira lero makiyi aziyenda nanu m'thumba, ndipo wantchito wanu wa kumunda mumuuze kuti mwana asakwerenso, ndipo wamkulu yemwe mwamulola avale helimeti ndipo akwere yekha.