Mayi anu akaone msika wa ku Ludlow, London idikire kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene amagwira ntchito ya unamwino ku Birmingham, kuno ku England. Mayi ake abwera kuchokera kumudzi kudzaona mdzukulu, iye ali ndi tsiku limodzi lokha lopuma limene angawayendetse, ndipo akufunsa ngati awatengere ku London monga mmene aliyense akumuuzira, kapena ku tawuni ina yaing'ono yakale ya msika. Achemwali, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri ndisanayambe kuyankha, chifukwa inandikumbutsa zimene ineyo ndinawachita mayi anga.

Mayi anga ndi a ku Nkhotakota, ndipo moyo wawo wonse akhala akugulitsa mpunga ndi usipa pamsika. Sukulu yanga yonse inalipiridwa ndi ndalama za pa benchi limenelo. Nditabereka mwana wanga woyamba anabwera kuno kudzandithandiza, nthawi imeneyo ndikukhala ku Wolverhampton m'kanyumba ka pamwamba kopanda khonde, ndipo nditabwerera kuntchito masiku awo onse ankathera pa windo, mwana ali kumsana, akuyang'ana magalimoto mumsewu. Munthu amene anazolowera kupatsana moni ndi msika wonse dzuwa lisanafike pamutu ankatha sabata yathunthu osalankhula ndi wina aliyense kupatula ine ndi bambo a mwana. Sanadandaule ngakhale tsiku limodzi, koma ndinkaona kuti akuzilala ngati moto wosasonkhezera.

Kuti ndiwasangalatse ndinawatengera ku London. Tinanyamuka kusanache, tinakhala m'basi maola angapo, ndipo tsiku lonse tinalithera pothamanga. Ku Buckingham Palace, nyumba yachifumu, tinaima kunja kwa mpanda pakati pa chikhamu cha anthu, ine n'kumawauza kuti amwetulire. Masitepe oyenda okha otsikira ku sitima ya pansi pa nthaka anawaopsa kwambiri moti anandigwira mkono mpaka zala zawo zinasiya zizindikiro. Usiku womwewo ndinaika zithunzi pa Facebook, ndipo abale kumudzi anandiyamika kuti ndine mwana wodziwa kusamala kholo. M'mawa mwake, ndikuwathirira madzi ofunda m'beseni kuti aviikemo miyendo imene inali itatupa, ndinawafunsa ngati anasangalala. Anayankha mwaulemu kuti anaona nyumba zikuluzikulu, kenako anafunsa kuti, "Koma mwanangu, alimi a kuno amagulitsira kuti zokolola zawo?" Ku masitolo akuluakulu anali atapitako kangapo, koma kumeneko sanaoneko munthu amene angamufunse kuti kabichi uyu walimidwa kuti.

Funso limenelo ndinalibe nalo yankho, ngakhale ndinali nditakhala m'dziko lino zaka zingapo. Mnzanga wina wa kuntchito, wobadwira m'dera la Shropshire, ndiye anandiuza za Ludlow, tawuni ya m'dera lomwelo ya anthu pafupifupi 10,000 imene ili kufupi ndi malire a England ndi Wales. Anandifotokozera kuti kalekale msika sunkangoyambika paliponse: mwini dera ankayenera kukhala ndi chilolezo cha mfumu kuti pamalo pake pazichitika msika pa masiku oikika, ndipo matawuni ambiri a kuno anakula mozungulira bwalo la msikalo, alimi a m'midzi yoyandikana n'kumabwera ndi nkhosa, tirigu, mazira ndi tchizi. Zimenezi sizinali zachilendo kwa mayi, chifukwa tsiku la msika amalidziwa kuposa ine.

Ulendo woyamba ndinaulakwitsa. Tinapita Lachiwiri, ndipo titakwera chitunda kuchokera kusiteshoni tinapeza bwalo la Castle Square lili mbee, popanda benchi ngakhale limodzi la malonda. Mayi anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kuti msikawo uli kuti. Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa ndinali nditawalonjeza. Msika wa ku Ludlow umachitika Lolemba, Lachitatu, Lachisanu ndi Loweruka, ndipo ine sindinafufuze. Tinangomwa tiyi n'kubwerera. Lachisanu la sabata yotsatira ndinasinthana ntchito ndi mnzanga ndipo tinapitanso, ndipo tsiku limenelo ndi limene ndikufuna kuti inunso mukhale nalo.

Titangofika pabwalo mayi anandisiya m'mbuyo. Chingerezi chawo ndi chochepa, koma pa benchi la mayi wina wogulitsa mazira ndi uchi anaima nthawi yaitali, akutola dzira, kuliyang'ana, kufunsa ndi manja ngati nkhuku zake ndi zoyenda pabwalo. Anafuna kunenerera mtengo, ndipo nditawanong'oneza kuti kuno mtengo ukalembedwa sunenereredwa, anagwedeza mutu n'kulipira, koma wogulitsa maapozi atawaponyera limodzi lapadera m'thumba anatembenuka n'kundiuza mokondwa kuti banyira ndiye alipo. Analawa tchizi cha mitundu iwiri, chimodzi anachikana poyera. Anaona mmene ogulitsa amayalira katundu, mmene amasungira ndalama zosinthira m'kathumba ka m'chiuno, ndi mmene amaitanira makasitomala awo akale ndi mayina. Nthawi yonse imene anakhala kuno, tsiku limenelo ndi limene ndinawamva akuseka kuchokera pansi pa mtima.

Pano ndiye ndinena mosabisa, ngakhale ena akhumudwe. Ambiri a ife amene tili kuno, makolo akabwera, timawayendetsa malo amene adzaoneke bwino pa chithunzi, ndipo ulendowo timaukonzera anthu amene adzaone zithunzizo, osati kholo limene tikuliyendetsa. Timafuna kuti kumudzi adziwe kuti mayi athu anaima pa nyumba ya mfumu. Sindikunena kuti London ndi yoipa, ndipo amene ali ndi masiku atatu ndi ndalama za malo ogona apite. Koma kutenga munthu wachikulire, amene mwina mawondo ayamba kale kuvuta, n'kumuthamangitsa tsiku limodzi m'mzinda waukulu chotero, n'kumulanga. Ndinachita zimenezo ine, ndipo ndikukupemphani kuti musazichite. Tawuni ya msika ili ndi msinkhu umene munthu angathe kuuyenda ndi miyendo yake, kupuma pamene wafuna, ndi kumvetsa zimene akuona popanda wina womulongosolera chilichonse.

Msikawo uli pakhomo penipeni pa linga lakale, Ludlow Castle, limene linayamba kumangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1000, Anormani, ankhondo ochokera ku Normandy m'dziko la France, atalanda England mu 1066, kuti liziyang'anira malire a Wales. Lero mbali zambiri zilibe denga, kwatsala makoma a miyala, nsanja, ndi kachalitchi kozungulira ngati nkhokwe kamene kali mkati mwa bwalo. Mayi poyamba sanaone chifukwa cholipirira ndalama kuti akaone bwinja. Maganizo awo anasintha nditawawerengera nkhani ya Arthur, mwana woyamba wa mfumu Henry VII, amene anakwatira Catherine wa ku Aragon mu 1501 n'kubwera naye kudzakhala m'linga limeneli, koma anamwalira momwemo mu April 1502 ali ndi zaka 15 zokha. Mkazi wamasiyeyo anadzakwatiwa ndi mng'ono wake wa malemuyo, Henry VIII, mu 1509, ndipo pamene mfumuyo inafuna kuthetsa ukwatiwo Papa n'kukana, mkangano wake ndi umene unachititsa kuti mu 1534 mpingo wa ku England uchoke pansi pa ulamuliro wa Roma. Mayi anga ndi a mpingo wa Anglican chibadwire, ndipo ndi a Mothers' Union. Anakhala pa benchi mkati mwa lingalo, anakhala chete kanthawi, kenako anandiuza kuti ndibwerezenso nkhaniyo pang'onopang'ono kuti akathe kuifotokoza kwa anzawo. Chimene chinawagwira mtima kwambiri sichinali nkhani ya mafumu, koma ya mtsikana wachilendo amene anaferedwa mwamuna kutali ndi kwawo asanathe ndi chaka chomwe m'banja.

Kuchoka pamenepo n'kuyenda pang'ono kupita ku tchalitchi cha St Laurence, chimene chabisika kuseri kwa masitolo moti munthu amangochitulukira mwadzidzidzi. N'chachikulu kwambiri poyerekeza ndi tawuniyo, ndipo chifukwa chake ndi ubweya wa nkhosa, umene unalemeretsa amalonda a ku Ludlow kwa zaka mazana angapo. Nsanja yake ndi yotalika kuposa mamita 40 ndipo ili ndi masitepe pafupifupi 200 opapatiza, choncho mayi anatsala pansi. Chimene muyenera kuwaonetsa mayi anu chili kutsogolo, pa mipando ya oimba. Pansi pa mpando uliwonse pali kathabwa kamene ansembe ankatsamirapo akatopa ndi kuimirira pa mapemphero aatali, ndipo amisiri a m'zaka za m'ma 1400 anasemapo zithunzi za moyo wa tsiku ndi tsiku. Pa umodzi mwa mipandoyo pali mayi wogulitsa mowa amene ankabera anthu pa muyezo, ziwanda zitamunyamula kupita naye ku moto. Mayi anga atamvetsa chithunzicho anaomba m'manja kamodzi, n'kuyamba kundiuza za anthu amene amapinda pansi pa mbale yoyezera mpunga kuti ilowe wochepa. Zinawadabwitsa kuti khalidwe limene akhala akulimbana nalo pamsika wawo linasemedwa m'tchalitchi cha ku England zaka zoposa 500 zapitazo.

Nyumba za m'tawuniyi nazonso n'zoyenera kuziyang'ana mofatsa. Pafupifupi 500 mwa izo zili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa ndi lamulo, kutanthauza kuti mwini wake sangazigwetse kapena kuzisintha mmene wafunira. Yotchuka kwambiri ndi hotela ya Feathers ya mu 1619, ya matabwa akuda osemedwa ndi makoma oyera, imene mudzaidutsa pochokera kusiteshoni. Msewu wa Broad Street umatsetsereka kuchokera pa Buttercross, pamene kale ankagulitsirapo batala, mpaka pa Broad Gate, chipata chokhacho chimene chatsala mwa zipata 7 za mpanda wa tawuniyo. Chimene ndimalemekeza n'chakuti nyumba zimenezi sizinasanduke zongoonetsa alendo. Anthu akugonamo, akugulitsiramo nyama ndi buledi, ndipo m'mawa amatsegula zitseko zomwezo zimene zinatsegulidwa ndi agogo a agogo awo.

Kayendedwe kake

Kuchokera ku Birmingham New Street kwerani sitima ya ku Shrewsbury, ulendo wa pafupifupi ola limodzi, ndipo kumeneko musinthe n'kukwera yolowera ku Hereford ndi Cardiff, imene imafika ku Ludlow patatha pafupifupi theka la ola. Kuchokera kusiteshoni kufika pamsika ndi mphindi 10 kapena kupitirirapo, koma ndi chitunda, choncho yendani pang'onopang'ono. Sankhani Lachisanu kapena Loweruka ndipo mufike m'mawa, chifukwa masana akamapendeka ogulitsa amayamba kulongedza. Ku linga amalipiritsa pakhomo, ndipo nthawi yotsegulira imasintha m'miyezi yozizira, choncho yang'anani pa intaneti musananyamuke. Mayi avale nsapato zotseka ndi jekete ngakhale kunja kukuoneka kowala, ndipo inu mutenge ambulera ndi ndalama zapamanja pang'ono kuti iwo azilipira okha pa benchi. Mu September kumachitika chikondwerero cha zakudya chimene chinayamba mu 1995, koma kwa munthu wachikulire anthu amachuluka mopitirira muyezo, ndipo ine ndingasankhe sabata wamba.

Ena adzakuuzani kuti muwonjezerepo Stokesay Castle, nyumba yokongola imene wamalonda a ubweya Laurence wa ku Ludlow anamanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200 pafupi ndi Craven Arms. Ndi malo abwino, koma asiyeni adikire ulendo wina, chifukwa mukangoyamba kuwonjezera malo mwabwerera ku mchitidwe uja wothamangitsa kholo. Ngati miyendo ikulola, tsikirani ku mlatho wa Dinham pa mtsinje wa Teme, kuseri kwa linga. Tsidya lake kuli chitunda cha Whitcliffe kumene tawuni yonse imaonekera, linga ndi nsanja ya tchalitchi pamodzi, koma ife sitinakwereko. Tinakhala m'mbali mwa mtsinje, tinamasula buledi, tchizi ndi maapozi a pamsika aja, mwana akugona, ndipo mayi anayang'ana madzi nthawi yaitali n'kunena kuti anali atawasowa madzi oyenda. Kuyambira pamene anafika m'dziko lino anali asanaonepo mtsinje wopanda chikhamu cha anthu, iwo amene anakulira m'mphepete mwa nyanja.

Tsopano mawondo awo sakuwalolanso kukwera ndege, ndipo pa benchi lawo pakukhala mng'ono wanga. Za Buckingham Palace sanazitchulepo chibwererereni, koma nyengo ya maapozi ikayandikira amandifunsa pa foni ngati ndapitako kumsika kuja, ndiponso ngati mayi wa mazira uja akadalipo. Ndinapitako chaka chatha ndipo pamalo pake ndinapeza mnyamata wachichepere, amene nditamufunsa anandiuza kuti ndi mwana wawo. Achemwali, mukabwerako mundilembere kuti mayi anu anaima nthawi yaitali pa benchi liti.