Gasi wouma papepala koma wonyowa m'paipi

Kalata ya lero yachokera kwa mbale wathu wina amene akugwira ntchito pa fakitale yoyeretsa gasi wochokera pansi panthaka. Akuti gasi amene amapatula kuti aziyendetsera ma turbine (makina ozungulira ndi mphamvu ya gasi woyaka) ndi kuyatsira ng'anjo za pafakitalepo wayamba kubwera ndi zamadzimadzi. Thanki yotchera madzi, imene kale ankaikhetsa kamodzi pa sabata, tsopano ikudzaza kawiri pa shifiti. Lawi la m'ng'anjo likufuka utsi wakuda, ndipo vutoli limakula mbandakucha. Gasiyo amamupatula pa presha ya 70 bar (bar ndi muyeso wa presha) n'kumutsitsa kufika pa 28 bar. Chomwe chamuimitsa mutu n'chakuti a ku labu akunenetsa kuti gasiyo ndi wouma. Ndiye akufunsa kuti zamadzimadzizi zikuchokera kuti.

Achimwene, musanamasule bawuti ngakhale imodzi, dziwani kaye kuti chimene mukukhetsacho n'chiyani. Ndaonapo anthu akutha masabata awiri akulimbana ndi hita yotenthetsera gasi pomwe chimene chinali m'paipi ndi oilo wa kompuresa, makina opanikiza gasi. Tapani pang'ono m'botolo loonekera mkati, motsatira malamulo a chitetezo a pamalopo, pakuti kondenseti, mafuta opepuka amene gasi amagwetsa akazizira, amayaka ngati petulo ndipo gasi wina amakhala ndi H2S, mpweya wapoizoni umene umapha msanga. Mukathiramo madzi, kondenseti amayandama pamwamba, ndipo dontho lake likagwera papepala limauma osasiya banga. Oilo naye amayandama, koma ndi wonanda ndipo banga lake silichoka. Glycol, amene amaumitsira gasi, amasakanikirana ndi madziwo osasiya malire. Akakhala glycol kapena oilo, vuto lili kumtunda, kumene gasi akuchokera, ndipo kumayesa ma valavu a kumunsi n'kutaya nthawi.

Koma malinga ndi zimene mwalemba, makamaka utsi wakudawo ndi nkhani ya mbandakucha, ine ndikuganizira kondenseti amene akubadwira m'paipi mwanu momwemo.

Nayi nkhani yake. Gasi ameneyu mbali yaikulu ndi methane, koma amanyamulanso tizigawo tolemera monga pentane, hexane, heptane ndi ena olemera kuposa apo. Tizigawoti timayenda ngati nthunzi malinga ngati gasiyo ali wofunda mokwanira. Akazizira kufika pamlingo umene amautcha dew point, timagwa ngati mame a pa udzu. Amene anaonapo potcheza kachasu akudziwa kuti nthunzi ikadutsa m'paipi yozizira imatuluka ili madontho. Tsono gasi akadutsa pa valavu yotsitsa presha amazizira yekha, pafupifupi theka la digiri pa bar iliyonse. Inu mukutsitsa 42 bar, kutanthauza madigiri pafupifupi 20. Gasi amene wafika pa valavu ali pa madigiri 30 akutuluka ali cha m'ma 10. Kukacha kozizira, paipi ili pamtetete, amatsikanso.

Pali chinanso chimene chimasokoneza ngakhale anthu odziwa ntchito. Tinazolowera kuganiza kuti presha ikatsika zinthu zimauluka, osati kusanduka madzi. Ndi gasi wosakanikirana chonchi sizili choncho nthawi zonse. Dew point wake samakwera limodzi ndi presha mpaka kalekale ayi, amafika pachimake pa presha yapakatikati kenako n'kuyamba kubwerera. Kwa gasi wambiri wa m'mapaipi chimakecho chimapezeka cha m'ma 25 mpaka 40 bar. Mwaona pamene 28 bar yanu yagwera? Mukumuchotsa gasi pamalo pamene anali wouma n'kukamuika pamene amagwetsa mame mosavuta, kwinaku mukumuziziritsa. N'chifukwa chake opanga ma turbine ambiri amafuna gasi azifika ali wotentha ndi madigiri 28 pamwamba pa dew point wake, ndipo hita imaikidwa gasi asanafike pa valavu. Ikakhala kumunsi kwa valavu imakhala ikuthamangitsa madontho amene apangika kale, ndipo dontho lothamanga m'paipi silikhala m'hita nthawi yokwanira kuti liuluke lonse.

Choncho pitani nokha pa hitayo. Musakhulupirire nambala ya pa kompyuta yokha. Yezani kutentha kwa paipi polowa ndi potuluka, kenako kumunsi kwa valavu, masana ndi 4 koloko m'mawa. Onani ngati valavu yolambalala hita sinasiyidwe yotsekula pang'ono pamene ankakonza zinthu, ndiponso ngati zovindikira mapaipi sizinanyowe kapena kung'ambika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masiku atatu olemba manambala amenewa adzakuuzani zambiri kuposa msonkhano uliwonse.

Tibwere kwa a ku labu. Sindikuganiza kuti akunama, koma afunseni mafunso awiri. Loyamba, kodi ponena kuti wouma akutanthauza kuti alibe madzi, kapena kuti alibe kondenseti? Izi ndi zinthu ziwiri, ndipo gasi amene glycol wamuumitsa bwinobwino atha kukhala wodzaza ndi tizigawo tolemera. Lachiwiri, lakuti akuyeza mpaka pa chigawo chiti, ndi limene limandiwawa mtima, chifukwa lawonongetsa makina ambiri. Makina oyezera gasi ambiri amawerenga chigawo chilichonse pachokha mpaka pa pentane, zotsala zonse n'kuziunjika pamodzi pansi pa dzina lakuti C6+, kutanthauza hexane ndi zonse zolemera kuposa iye. Powerengetsera dew point, kompyuta imangogawa muluwo mongoganizira, kawirikawiri 60 pa 100 hexane, 30 heptane, 10 octane. Koma ngati muli kachigawo kochepetsetsa ka C10 kapena C12, tizigawo tolemera kuposa octane, dew point weniweni amakwera ndi madigiri ambiri kuposa wa papepala. Pemphani kuti ayeze mpaka C12, kapena mubweretse chida cha kagalasi koziziritsa chimene chimaonetsa mame ndi maso. Silinda yotengera sampulo nayo iyenera kutenthetsedwa asanayeze, apo ayi zolemerazo zimatsalira m'makoma mwake ndipo labu imayeza gasi wopepuka amene si wanu.

Popeza mwati kale sizinali chonchi, fufuzaninso chimene chinasintha. Mwina atsekula chitsime chatsopano cha gasi wonona, wa tizigawo tolemera tambiri. Mwina gawo loziziritsa gasi, limene limachotsa zolemerazi, silikufikanso pamlingo wake. Mafakitale ena amathiranso m'gasi woyatsira gasi wouluka kuchokera ku kondenseti, ndipo ameneyo ndi wolemera kwambiri.

Za thanki ndi fyuluta yosefa gasi ndingotchula mwachidule. Choyezera mlingo chimene chinatcheredwa poganiza madzi chimaonetsa nambala yotsika m'thanki mukakhala kondenseti, chifukwa iye ndi wopepuka, motero thanki itha kukhala ikusefukira inu mukuona ngati ili pakati. Fyuluta imene presha ya mbali zonse ziwiri ikufanana ndendende musaisangalalire, nthawi zambiri imakhala yabooka kapena sinakhale bwino pampando wake.

Pakadali pano musalole madonthowa kufika pa turbine. Kondenseti amanyamula moto wochuluka kwambiri kuposa gasi wodzaza malo ofanana, ndipo akalowa mwachigulu amawotcha milomo ya ma burner, potulukira moto, ndi zitsulo za mkati. Kwezani hita mpaka pamene malamulo a makinawo akulola, muzikhetsa malo onse otsika m'paipi shifiti iliyonse, ndipo mukapeza manambala a 4 koloko m'mawa aja pamodzi ndi zotsatira za botolo, munditumizire tidzaunikire limodzi.