Chakhumi kapena malata a amayi?

Achimwene ena omwe amagwira ntchito ku Johannesburg andilembera imelo. Akuti chakhumi amapereka mwezi ndi mwezi osaphonya, koma nyumba ya amayi awo kumudzi ikudontha ndipo dzinja layandikira. Abusa awo anawauza kuti wodula chakhumi akudzidulira madalitso. Funso lawo: "Ndikagula malata ndi ndalamazi, chipulumutso changa chikhala pachiswe?"

Achimwene, gulani malatawo.

Chipulumutso sichili pamsika. Pa Aefeso 2:8-9 Paulo akunena mosapsatira mawu kuti timapulumutsidwa mwa chisomo, osati ndi ntchito zathu, kuti wina asadzitame. Nkhaniyi inang'ambapo mpingo. Mu 1517 wansembe wa ku Germany, Martin Luther, anadzudzula malonda a zikalata zochotsera anthu chilango cha machimo, ndipo zinatengera mpaka 1999 kuti Akatolika ndi a Lutheran asainirane mumzinda wa Augsburg ku Germany kuti munthu amalungamitsidwa mwa chisomo, ntchito zabwino n'kumatsatira pambuyo. Wina akamakuopsezani ngati envelopu ndiyo tikiti ya kumwamba, mufunseni vesi.

Komatu sindikuti umbombo ndi wabwino. Yakobo 2 amafunsa phindu louza mbale wanjala ndi wausiwa kuti apite mumtendere, akafunde ndi kukhuta, iwe osam'patsa kanthu. Chikhulupiriro chotero akuchitcha chakufa. Pa Mateyu 25 nkhani ya tsiku lomaliza ndi ya anjala, aludzu, alendo, ausiwa, odwala ndi a m'ndende. Kaundula wa chakhumi satchulidwapo.

Ndime yokhudza inu mwachindunji ndi Marko 7:9-13. Masiku a Yesu munthu ankatha kunena kuti chuma chomwe akanathandizira makolo ake wachipatulira Mulungu, basi nkhani yatha, bambo ndi mayi adziwa okha chochita. Alembi ndi Afarisi ankavomereza zimenezi. Yesu anati potero akupeputsa mawu a Mulungu ndi mwambo wawo, poti lamulo lolemekeza atate ndi amayi silinachoke. Pa 1 Timoteo 5:8 mawu ake ndi owawa koposa: wosasamala a m'banja lake wakana chikhulupiriro. Tangoganizani amayi akudzuka pakati pausiku kusuntha mphasa ndi kutchera mabeseni, thumba la chimanga likunyowa pakona, mwana wawo akuwomberedwa m'manja ku Joni monga wopereka mokhulupirika.

Mpingo nawo umafuna ndalama, n'zoona. Holo ya lendi, magetsi, ndipo abusa nawonso sadya mapemphero. Perekani zomwe mungathe, mokondwera osati mokakamizidwa, monga 2 Akorinto 9:7 akunenera. Ngati abusa anu akwiya chifukwa cha malata a nkhalamba, mwadziwa china chake chokhudza iwo.

Langizo laling'ono: potumiza ndalamazo werengeraninso misomali, mitengo ndi malipiro a mmisiri, chifukwa malata ambiri amachita dzimbiri atatsamizidwa kukhoma. Pezani wachibale wokhulupirika aziyang'anira ntchitoyo n'kumakutumizirani zithunzi pa WhatsApp, ithe mvula ya Novembala isanagwe.