Chikope chagwa, diso likupweteka: yankho kwa mayi a ku Luchenza

Mayi ena a ku Luchenza andilembera imelo kuti amuna awo akumva ululu kuseri kwa diso, chikope chagwa, ndipo akachikweza ndi chala akuona zinthu ziwiriziwiri. Akufunsa ngati angawagulire prednisolone, mapiritsi ochepetsa kutupa, poti anamva kuti amathetsa ululu wotere.

Mayi, musagule. Malume anga, omwe ankathyola tiyi pa esiteti ina cha ku Chitakale, anayamba chimodzimodzi. Ankati zili ngati munthu akuwakhomera msomali m'mutu. Poti chaka chomwecho anali atafolera nyumba ndi malata, achibale sanachedwe kutchula ufiti. Anawatema mphini pachipumi, n'kuwadonthezera madzi a masamba m'diso. Kwathu kuno munthu akangogula malata, ngakhale chimfine chimakhala ndi mwini wake. Kenako wogulitsa mankhwala pamsika anawapatsa timapiritsi ta prednisolone. Ululu unazizira m'masiku awiri, ine ndinali woyamba kunena kuti zatheka. Palibe ankadziwa kuti malume anali ndi shuga. Pomwe tinkakwera minibasi ya ku Limbe, diso linali litazima kale.

Zimene munamvazo zili ndi gwero lake. Pali matenda otchedwa Tolosa-Hunt, omwe dokotala wa ku Spain, Eduardo Tolosa, anawafotokoza mu 1954, ndipo William Hunt wa ku America anawonjezerapo mu 1961. Kuseri kwa diso kumatupa, pamalo opapatiza pomwe pamadutsa minyewa itatu yoyendetsa diso, ndipo prednisolone amathetsadi ululuwo m'maola 72. Koma TB, chotupa, ngakhale mafangasi ochokera m'mphuno, amene amakonda anthu a shuga, amabweranso ndi nkhope yomweyo. Piritsilo limafooketsa chitetezo cha thupi n'kukweza shuga. Ululu umabisala, matenda akudya mkati, mpaka afike pa mnyewa woonera. Wogulitsa mapiritsi otere popanda kalata ya dokotala, ine ndimamuona ngati wakupha ndithu, ndipo pamenepa sindibweza mawu.

Ndiye mutani?

Mawa lomwe pitani nawo ku chipatala cha boma ku Thyolo, akayezedwe shuga ndi HIV. Mukapemphe kalata yopita ku Lions Sight First, chipatala cha maso cha ku Queens ku Blantyre, komwe angakawajambule m'mutu. Akayamba kuona mwachimbuuzi kapena kutentha thupi, musadikire kuche.